Teraco ya ku Isando: mtengo wake ndi wowawa, koma kulumikizana kwake n'kosayerekezeka

Amene amayang'anira maseva (makompyuta osunga ndi kutumiza data) a kampani ya intaneti, banki kapena bizinesi yogulitsa zinthu pa intaneti kuno kwathu, dzina la Teraco adalimvapo. Kampaniyi idayamba mu 2008 ku South Africa, ndipo mu 2022 kampani ya ku America ya Digital Realty idagula magawo 55 pa 100 alionse. Ili ndi nyumba zosungiramo maseva ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban, koma yofunika kwambiri kwa ife ndi ya ku Isando, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo.

Teraco sigulitsa maseva, ndipo sigulitsa intaneti. Imabwereketsa malo, magetsi, mpweya wozizira ndi chitetezo. Seva mumabwera nayo nokha, intaneti mumagula kwa kampani ina iliyonse imene ili m'nyumbamo. Phindu lake lenileni lagona apa. Makampani a faiba ndi ochuluka m'menemo, moti mmodzi akakweza mtengo mumangopempha chingwe chatsopano kupita kwa wina, osasamutsa chilichonse.

Chachikulu ndi NAPAfrica, malo osinthanirana data amene adayamba mu 2012, ndipo kulumikizako salipiritsa. Pamafunika nambala ya ASN yozindikiritsa netiweki yanu ndi ma adiresi a IP anuanu ochokera ku AFRINIC (bungwe logawa nambalazi mu Africa), rauta yodziwa BGP (njira imene manetiweki amauzirana kodutsa data), ndi chingwe cha faiba. Mukalumikiza ku NAPAfrica, data ya Google, Meta, Netflix, Microsoft ndi ena imabwera mwachindunji, osadutsa pa intaneti yogula. Kwa kampani ya intaneti ya m'Malawi, imene imagula njira kudzera ku Mozambique, Tanzania kapena Zambia pa mtengo wodula, izi zimachepetsa ndalama ndithu. Komanso data yochokera ku Ulaya imatenga mamilisekondi oposa 150 kupita ndi kubwera, pamene ya ku Johannesburg imafika mwachangu kwambiri. Ofuna chingwe cholunjika ku AWS kapena Azure (maseva obwereka a Amazon ndi Microsoft) amachipezanso ku Teraco komweko.

Za magetsi, Teraco yadziwika bwino pa nthawi imene Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, inkazimitsa magetsi mosinthanasinthana, makamaka mu 2022 ndi 2023. Pali ma UPS (mabatire ogwirizira magetsi akazima) ndi majenereta a dizilo, ndipo raki iliyonse (kabati yoikamo maseva) imalandira magetsi kuchokera mbali ziwiri, A ndi B. Koma maseva ambiri amazima chifukwa cha eni ake. Wina amalowetsa mapulagi onse awiri a seva mbali ya A, ndipo tsiku lokonza mbali imeneyo seva imafa. Wina amadzaza mbali zonse ziwiri kuposa theka. Tiyerekeze kuti mbali iliyonse ndi ya 32A pa 230V, ndiye kuti ndi pafupifupi 7.4kW. Zida zonse za m'rakimo zisapitirire 5.9kW (magawo 80 pa 100 a mphamvu ya mbali imodzi), chifukwa mbali imodzi ikazima katundu yense amagwera pa inayo, buleka imagwa, raki yonse n'kuzima. Chida chokhala ndi pulagi imodzi yokha chiikireni ATS yosinthira magetsi yokha.

Kutentha nako kumapha zida mwakachetechete. Switch (chida cholumikiza maseva) yambiri imaikidwa kumbuyo kwa raki, ndipo ngati mafani ake akukoka mpweya kumbali yotentha, imangotentha mpaka kuzima. Onani kumene mafani akuuzira musanagule, ndipo mipata yopanda kanthu m'raki muitseke ndi timalata take. Pa faiba, gulani ma SFP (tizida tolumikizira faiba ku switch) a single-mode a 10G LR okhala ndi mutu wa LC. Ma SFP a mtundu wina wa multimode sagwira pa chingwe cha single-mode, ndipo anthu amataya tsiku lonse akufufuza vuto lopanda pake.

Mbali yovuta ndi mtunda ndi ndalama. Bilu imabwera mu randi mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense akudziwa mmene kupeza ndalama zakunja kumavutira kubanki zathu. Chingwe chilichonse cholumikiza raki yanu kwa kampani ina chili ndi mtengo wakewake, choncho werengeranitu. Kulowa m'nyumbamo kumafuna kuti dzina lilembetsedwe pasadakhale komanso chiphaso. Disiki ikafa usiku simungakwere ndege, mumadalira amisiri awo kuti akusinthireni, ndipo iwo amachita zokhazo zimene mwalemba. Ndiye lembani dzina pa chingwe chilichonse, siyani madisiki ndi ma SFP apadera m'rakimo, ndipo iDRAC kapena iLO (njira yoyendetsera seva muli kutali) ikhale pa intaneti yosiyana ndi yaikuluyo. Musaiwalenso msonkho wolowetsera zida m'dzikomo.

Pali chinanso chimene nyumba yabwino singakuchitireni. Mu Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zidaduka ndipo intaneti idavuta m'maiko ambiri a kum'mawa kwa Africa. Njira yanu yopita ku Johannesburg ikakhala imodzi, seva imayaka bwinobwino koma makasitomala osaifikira. Gulani njira ziwiri zodutsa m'maiko osiyana. Ndipo ngati mukusunga mbiri ya anthu, werengani kaye lamulo la Malawi loteteza data la 2024 pa nkhani yoitumiza kunja.

Kwa kampani ya intaneti kapena banki yofuna malo achiwiri osungirako zinthu, tikuivomereza Teraco ndi mtima wonse. Koma ngati muli ndi webusaiti imodzi ndipo makasitomala onse ali ku Blantyre ndi Lilongwe, raki ya ku Isando ingokudyerani ndalama. Sungani seva kuno, pa kampani yolumikizidwa ku Malawi Internet Exchange.