Jira, Doorstop kapena DOORS: ndani amakutsina khutu requirement ikasintha?

Kulumikiza requirement (mawu onena zimene pulogalamu iyenera kuchita) ndi code tsiku loyamba aliyense amatha. Mavuto amayamba kasitomala akasintha maganizo patapita miyezi ingapo. Choncho chida chilichonse cha traceability (kulondoloza requirement mpaka pa code ndi ma test oiyesa) ndimachifunsa funso limodzi: mawu akasintha, chidzandiuza kuti test iti yatsalira m'mbuyo?

Ambirife tinayambira pa Jira, pulogalamu yolondolozera ntchito za timu kudzera m'matikiti. Umalemba nambala ya tikiti, tinene PAY-142, mu uthenga wa commit (kusintha kwa code kumene mwasunga) kapena m'dzina la branch (nthambi ya code imene mukugwirapo ntchito), ndipo ngati mwalumikiza GitHub kapena Bitbucket (malo osungirako code), commit ija imaonekera yokha pa tikitiyo. Mukaonjezera hook (kapulogalamu kodziyendera kokha) yokana commit yopanda nambala, mwatseka kale bowo lalikulu. Koma tiyerekeze tikiti inkanena kuti munthu akalakwitsa password katatu atsekeredwe, kenako wina n'kusintha kuti kasanu. Ulalo wa tikiti ndi commit uja umangokhala phee, test yakale ikupitirizabe kupambana, ndipo lipoti likuoneka bwinobwino pamene likunama. Xray kapena Zephyr, mapulogalamu oonjezera pa Jira, amathandiza kumangiriza ma test ku tikiti, koma osaganiza kuti basi nkhani yatha.

Apa m'pamene Doorstop imandikopa. Ndi yaulere, yolembedwa mu Python, ndipo requirement iliyonse ndi kafayilo ka mawu ka mtundu wa YAML kokhala mu Git (chosungira code ndi mbiri ya kusintha kwake) pamodzi ndi code. Ulalo uliwonse umasunga hash (chidindo chowerengedwa kuchokera ku mawu) ya requirement imene ukuloza. Mukasintha "katatu" kukhala "kasanu", hash ija siigwirizananso, ndipo Doorstop imakuwa kuti pali suspect link, ulalo wokayikitsa. Mukaiyendetsa mu CI (makina oyesa code okha ikangosintha), mukhoza kukonza kuti chenjezolo liimitse build (kumanga pulogalamu kuchokera ku code) mpaka munthu ataona test ija n'kuvomereza ndi lamulo la doorstop clear. Kusinthako kumadutsa mu pull request (pempho loti anzanu aone kusinthako asanakuvomere) ngati code ina iliyonse, ndiye mumadziwa anasintha ndani komanso liti. Chovuta chake n'chakuti anzathu a ku bizinesi, ozolowera Word ndi Excel, akaona Git amachita ulesi, ndipo ntchito yonse yolemba imagwera ma developer. StrictDoc ndi Sphinx-Needs ali m'banja lomweli.

DOORS, imene IBM inaitenga pogula Telelogic mu 2008, ndi Polarion ya Siemens, zimenezo ndi za akuluakulu. Nazonso zimaika chizindikiro pa ulalo wokayikitsa, zimasunga ma baseline (makope a ma requirement monga analili pa nthawi inayake), ndipo zimasinthana zikalata kudzera mu ReqIF, mtundu wa fayilo wa ma requirement. Ngati mukulemba pulogalamu ya mu ndege pansi pa muyezo wa DO-178C, kapena ya galimoto pansi pa muyezo wa ISO 26262, oyendera adzafuna umboni kuchokera pa requirement mpaka pa zotsatira za test, mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri kasitomala amakhala atakusankhirani kale chidacho. Laisensi ya zida zimenezi njodula, komanso pamafunika munthu woziyang'anira.

Ine ndi timu ya anthu asanu ndingasiye Jira isamale za ndani akuchita chiyani sabata ino, koma ma requirement enieniwo ndingawaike mu Doorstop, pafupi ndi ma test awo.