Chotchingira mbaula chimene ndinapangitsa ku Kapata

Mu June chaka chatha mdzukulu wanga wa zaka 2 anagwira mbaula ndi chikhatho. Ndinamuthira madzi ozizira kwa mphindi 20, monga anatiphunzitsira anamwino ku sikelo, osati dzira kapena mankhwala otsukira mano amene anansi ankandiuza. Bala linapola, koma ine mtima sunakhale m'malo.

Ndiye ndinapita kwa bambo wina wowotcherera zitsulo pa msika wa Kapata, anandipangira chotchingira cha waya, chozungulira ngati khola la anapiye, chondifika m'mawondo. Mbaula imakhala pakati, pambali pali kachitseko kotulutsira poto. Ndisaname, chikuthandiza. Mwana amafika pafupi n'kunena yekha kuti "Agogo, moto!", poti tsiku lililonse ndimamulozera malasha ofiirawo n'kumuuza kuti amawotcha.

Chondidandaulitsa n'chakuti bamboyo sanapale nsonga za waya. Sabata yoyamba zinang'amba chitenje changa chatsopano, mpaka ndinachita kuzipinda ndekha ndi nyundo. Komanso mukaphika nyemba nthawi yaitali waya umatentha, ndiye mukamapangitsa muwauze achikulitseko. Usiku mbaula timaitulutsabe panja, chifukwa mpweya wa malasha umapha anthu ali m'tulo, ndipo waya sangautchinge.