Khonje woduladula kapena woyala motengera nsungwi?

Munthu akafuna kulimbitsa tailosi kapena chivundikiro cha simenti ndi ulusi wa khonje, njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi yosavuta: kudula khonje tizidutswa ta masentimita 2 kapena 3 n'kusakaniza ndi simenti ndi mchenga. Ntchito imathamanga ndipo ming'alu ing'onoing'ono imachepa. Koma ulusi umangogona mmene wagwera, pena kuunjikana malo amodzi, pena kusoweratu.

Yachiwiri ndi yophunzira ku nsungwi. Dulani nsungwi chopingasa muyang'anitsitse: timadontho takuda tija ndi mitolo ya ulusi, tothinana kufupi ndi khungu, totalikirana chakum'kati. Mphepo ikapinda nsungwi, kunja n'kumene kumakokeka kwambiri, ndiye mphamvu yake ili komweko. Nayenso mmisiri amayala khonje wautali chakunsi kwa tailosi, komwe kumakokeka munthu akaponda pamwamba, kenako n'kuyala wina chopingasa. Mng'alu ukayamba umakumana ndi ulusi wolowera kwina, umakhota n'kufooka usanadutse. Njirayi imadya nthawi, imafunanso kupesa ulusi mosamala, koma pa chinthu chosenza katundu ine ndingasankhe imeneyi. Pa pulasitala wa khoma, woduladula uja akwanira.

Mdani wa njira zonsezi ndi mmodzi: laimu wa mu simenti amadya khonje pang'onopang'ono, makamaka pachinyezi, ndipo nkhungu ya kuno ku Dedza tikuidziwa. Kuchepetsako simenti n'kuthiramo phulusa losefa la mankhusu a mpunga kumathandiza kuti ulusi ukhalitse.