Misonkhano ya Narcotics Anonymous, mmene ndaionera ine

Abale ngati muli ndi wanu amene wakodwa ndi mankhwala ozunguza bongo, yesani gulu la Narcotics Anonymous, la anthu ofuna kusiya mankhwalawa amene amakumana nkumalimbikitsana, achimwene anga ndi komwe akupeza thandizo. Linayamba mu 1953 ku California ndipo salipiritsa, safunsa dzina lonse, umangolowa nkukhala pansi basi ukafuna kuyankhula uyankhula ukapanda kufuna palibe okukakamiza. Chomwe chinandigwira mtima ndi sponsor, munthu woti anasiya kale amene umamuimbira foni chibaba chikakugwira pakati pa usiku ndipo olo ugwenso sakuweruza poti nayenso anadutsa momwemo. Mugululi amatsata masitepe 12 othandiza kusiya mankhwala, amati lero lokha usakhudze, za mawa uziona mawa.

Koma si chipatala ayi, kulibe madokotala. Wosiya heroin thupi limaphwanya zedi, kusanza, kutsegula m'mimba, osagona, ameneyo aonane ndi adokotala kaye, pali mankhwala ngati methadone.

Ena amati anthu otere azingomangidwa, ine ndiye ayi. Portugal mu 2001 inasiya kutsekera mndende opezeka ndi mankhwala ochepa ogwiritsa okha nkumawalozera kothandizidwa, ndipo HIV pakati pa odzibaya jakisoni inatsika kwambiri.