Coolant wa pinki wa Toyota: amateteza injini, koma sachiza yowira kale

Ma Sienta, ma Probox ndi ma Vitz amene amanyamula anthu pakati pa tauni ya Zomba, Matawale ndi Chinamwali ambiri anachoka ku fakitale ali ndi Toyota Super Long Life Coolant, uja wa pinki wothira mu radiyeta kuti aziziritse injini. Akafika kuno wa pinkiyo amatha pang'onopang'ono, m'malo mwake mumalowa madzi a pampopi kapena a pamjigo. Kubwereranso ku wa pinki n'kodula, koma ndalama yake siipita pachabe, bola galimotoyo isakhale yodontha.

Amabwera wosakaniza kale, theka ethylene glycol theka madzi oyeretsedwa opanda mchere, ndiye musaonjezeremo madzi. A Toyota amati woyamba asinthidwe pa makilomita 160,000, kenako pa 80,000 alionse. Kuno kulibe chisanu choumitsa madzi, choncho ntchito yake yaikulu ndi kuletsa dzimbiri. Injini ya 1NZ-FE, imene ili mu zambiri mwa galimotozi, ndi ya aluminiyamu. Madzi wamba amaidya, amasiya miyala ngati ija ya m'ketulo m'timapaipi ta radiyeta, n'kuononganso seal ya water pump. Komanso Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, pomwe madzi amawira pa madigiri 97. Coolant uyu, pansi pa chivindikiro chabwino cha radiyeta cholembedwa 1.1, amadutsa madigiri 120 asanawire.

Ubwino wina ngwakuti pomwe wadontha amauma n'kusiya zoyanga zapinki. Unikani ndi tochi pansi pa water pump, pamakilampu a mapaipi, ndi pomwe pulasitiki ya pamwamba pa radiyeta yalumikizana ndi aluminiyamu. Madzi wamba sasiya chizindikiro chotere, amangouma.

Cholakwa cha ambiri n'kumugula ngati mankhwala galimoto itayamba kale kuwira. Yambani mwapeza chikuiwiritsa. Ngati imatentha pokwera ku Ku Chawe mu Okutobala, pa giya yotsika, koma n'kuzizira potsetsereka, kawirikawiri radiyeta yatsekeka m'kati, kapena zipsepse zake zadzaza fumbi ndi udzu. Ngati imatentha itaima pa depoti koma n'kukhala bwino ikamathamanga mu M3, onani fani: fyuzi, relay, kenako mota yake. Yatsani AC, fani iyenera kuzungulira. Paipi yapamwamba ikakhala yotentha kwambiri, yapansi ili yozizira, injini ikuwira, thermostat, imene imatsegulira coolant njira yopita ku radiyeta, yakana kutseguka. Igulidwe ina ya madigiri 82. Chizolowezi chongoichotsa n'kuitaya n'choipa: injini imachedwa kutentha m'mawa, imamwa petulo wambiri, ndipo imaperepeseka msanga. Zambiri mwa galimotozi zilibe geji ya kutentha, zili ndi getsi la buluu ndi lofiira basi. Lofiira likayaka imani pomwepo, musati ndikafike kaye ku Songani.

Chivindikiro cha radiyeta n'chotchipa koma chimapusitsa anthu ambiri. Labala wake akang'ambika, mphamvu imathawa ndipo coolant amatayikira m'kabotolo ka pambali. Gulani cha nambala yofanana ndi chakale, 0.9 kapena 1.1. Koma mukaona thovu likutumphuka mosalekeza pakamwa pa radiyeta, utsi woyera wonunkhira motsekemera ku ekizozi, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti head gasket, yomata pakati pa mutu wa injini ndi block, yaonongeka. Kuthiramo wa pinki pamenepo n'kutaya ndalama.

Posintha, injini ikhale yozizira ndithu, chifukwa kutsegula chivindikiro ili yotentha kumasupula nkhope ndi manja. Masulani kampopi ka pansi pa radiyeta, tsukani ndi madzi oyeretsedwa mpaka otuluka akhale oyera. Apa pali chofooka cha coolant wosakaniza kale: madzi otsukira akatsala mu block amamusungunula, ndiye tsegulaninso pulagi ya pa block atuluke onse. Injini zazing'onozi zimalowa malita pafupifupi 5. Thirani pang'onopang'ono, hita ili pa kutentha, lizani injini chivindikiro chili chotsegula mpaka paipi yapansi itenthe, mukufinyafinya yapamwamba kuti mpweya utuluke. Kabotolo ka pambali kakhale pakati pa LOW ndi FULL, ndipo m'mawa mwake muonenso.

Mtundu wokha si umboni. Pali mabotolo a pinki otchipa amene ndi madzi opaka utoto chabe, choncho onani kuti chidindo cha pachivindikiro n'chosathyoka. Osasakaniza ndi wobiriwira wosadziwika, chifukwa mankhwala oletsa dzimbiri amasiyana ndipo ena akakumana amapanga matope. Wotsala musasunge m'botolo la zakumwa. Amatsekemera koma ndi poizoni, amapha impso za mwana kapena galu.