Ndemanga: anesi oyendera odwala pakhomo amene akusamalira amayi athu ku Kasungu

Ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Tagwira nawo miyezi itatu tsopano, ndiye ndikulemba zimene ndaona ndi maso anga.

Amayi anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero itafalikira kale. Ku Kamuzu Central anatiuza mosabisa kuti chatsala n'kuchepetsa ululu, ndipo tinawatenga kumudzi ku Santhe kuti adzakhale kwanga kuno kuboma, pafupi ndi chipatala. Mofini wamadzi, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, timakatenga kuchipatala cha boma, waulere. Vuto linali masana. Ine ndimaphunzitsa, ndipo mng'ono wanga amene amatsala nawo anali asanadwazikepo munthu wogona. Mnzanga wa ku Chigwirizano ndiye anandilozera anesi ena opuma pantchito amene amayendera odwala m'makomo, nandiuza kuti amadziwanso kutikita ndi zazitsamba. Mawu oti zitsambawo anandidetsa nkhawa, poti tinali titataya kale ndalama zambiri pa mabotolo.

Tsiku loyamba ndinawapempha chiphaso cha ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Ndinachita manyazi kufunsa munthu wamkulu, koma iwo anangochitulutsa m'chikwama osakhumudwa. Kenako anaitanitsa kabuku ka kuchipatala, nakawerenga konse asanawagwire amayi. Anandifunsa ngati mofini tikupereka pa maola anayi alionse. Ndinavomera kuti timadikira amayi ayambe kubuula, kuopa kuti azolowera. Anandidzudzula pomwepo, mwaulemu koma mosanyengerera: "Achemwali, ululu sitiudikira kuti ubwere. Perekani pa nthawi yake, ngakhale akuseka." Anatilembera nthawi zake pachikatoni n'kuchikhomera kuseri kwa chitseko.

Chimene ndimawalipirira kwenikweni ndi manja awo. Amathira timafuta ta mpendadzuwa pachikhatho, mafuta ophikira omwewa, n'kupekesa manja kuti afunde. Amayambira kuphazi, chala chimodzichimodzi, kukwera pang'onopang'ono mpaka m'mawondo, kenako amawatembenuza amayi chammbali n'kutikita msana ndi mapewa. Pamimba safikapo. Potikitapo amacheza nawo za fodya, za mvula ya chaka chatha, nthawi zina amayambitsa nyimbo ya m'buku chapansipansi amayi n'kumathira mang'ombe. Ulendo wachitatu amayi anagona tulo asanamalize mwendo wachiwiri, kukamwa kuli yasa, munthu amene anatha masabata akungotembenuka usiku wonse. Ndinatuluka panja kukalira. Anesiwo sananamizire kuti kutikita kumachiza chilichonse. Anati kumamasula minofu yomwe yauma ndi kugona, kumachepetsa mantha, ndipo munthu wopanda mantha ululu amaumva mocheperako.

Anamuphunzitsanso mng'ono wanga kuwatembenuza amayi pa maola awiri alionse, kuika chitenje chopinda pakati pa mawondo, ndi kuyang'ana pazidendene ndi m'chiuno ngati khungu layamba kufiira. Mpaka lero amayi alibe chilonda chogonera n'chimodzi chomwe.

Zazitsamba zija zinakhala zochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Mofini amadzimbitsa, ndipo mapiritsi otsegula m'mimba amene tinalandira atatithera, anatiuza kuyanika njere za papaya wakupsa, kuzisinja n'kusakaniza kasupuni kamodzi m'phala. Zinathandiza, ngakhale amayi ankadandaula kuti zikuwawa ngati tsabola. Pa mseru amawiritsa jinja, madzulo tiyi wa lemoni girasi yemwe tsopano tadzala kuseri kwa bafa. Iwo amati zambiri mwa izi n'zodziwika kwa anthu osamalira odwala matenda osachiritsika, ndipo anatchula malo osamalira odwala otere a Ndi Moyo ku Salima, amene anayambitsa mayi Lucy Finch, kuti kumeneko zomera zotere amazigwiritsa ntchito pamodzi ndi mankhwala akuchipatala. Chilichonse chimene atipatsa amachilemba m'kope kuti tikawaonetse adokotala tikapita kukatenga mofini.

Pali zinthu ziwiri zimene zinandichititsa kuwakhulupirira kotheratu. Tsiku lina anesi ali pakhomo, amalume anabwera ndi chigubu cha malita asanu cha mankhwala akuda bii, ogula kwa munthu wina amene akuti amachiza khansa m'masiku 21, bola wodwalayo asiye zakuchipatala. Mukudziwa mmene mawu a mwini mbumba amalemerera, ine sindikanatha kuwakaniza. Anesi anagwada, anawalonjera bwinobwino, nawafunsa kuti muli chiyani m'chigubumo. Amalume sanadziwe. Panalibe pepala, panalibe muyeso. Anawafotokozera kuti mankhwala ogulitsa amayenera kudutsa ku bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA, komanso kuti impso za amayi zafooka kale ndi matendawa moti chinthu chosadziwika chikhoza kuzimaliza. Anatinso kusiya mofini mwadzidzidzi kungawabwezere ululu wonse usiku umodzi. Amalume anachoka atakwiya pang'ono, koma chigubucho sichinatsegulidwe.

China, mwezi watha mwendo wakumanzere wa amayi unatupa, katumba kakutentha ndi kuwawa. Ine ndinati autikite kwambiri kuti uphwe. Anakaniratu. Anati mwina magazi aundana mumtsempha, zomwe zimachitika kwa odwala khansa ogona, ndipo kutikita kukhoza kusuntha chibuma cha magazicho n'kukatseka m'mapapo. Anatiuza tipite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ndalama ya ulendo umenewo sanalandire.

Nyenyezi yachisanu yatsalira pa nthawi ndi malonda. Tinagwirizana kuti azifika 9 koloko m'mawa, Lachiwiri ndi Lachisanu, koma kufika 11 koloko n'kwachizolowezi, ndipo foni yawo nthawi zambiri imakhala yozima. Kawiri konse sanabwere osatiuza, amayi atasamba kale akudikira pakhonde. Ndikumvetsa kuti ali okha ndipo odwala ndi ambiri, mpaka ku Mtunthama amafika, komabe uthenga umodzi pa WhatsApp sungawathere mayunitsi. Mtengo ndi K12,000 paulendo, kabaza n'kulipira ife. Kwa mphunzitsi ndi ndalama yowawa, ngakhale sindinganene kuti akutibera.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi ufa wa cham'mwamba umene amagulitsa okha m'timapaketi. Munthu yemweyo amene anawafunsa amalume za pepala ndi muyeso, timapaketi take tilibe tsiku lopangira kapena lothera. Cham'mwamba ndi ndiwo zabwino, sindikutsutsa, koma mtengo wake uli pampanda wa aneba, ndipo amayi atangowamva anesi akuuyamikira ufawo ndinalibenso pothawira. Ndinagula katatu. Nditawauza kuti zikundilemera anasiya kubweretsa, koma anaoneka kuti sizinawasangalatse.

Kwa amene muli ndi wodwala wogona ndipo mankhwala akuchipatala muli nawo kale, anesiwa akuthandizani, makamaka ngati pakhomo pali munthu wofuna kuphunzira. Muwauziretu kuti simugula ufa, ndipo mugwirizane chochita akalephera kubwera. Ife tsopano tachepetsa, amabwera Lachisanu lokha, poti mng'ono wanga manja ake azolowera. Amayi amati amakanikiza kwambiri ngati akukanda mandasi, koma amagona ndithu.