Nyumba ya alendo ya mpingo ku Tukuyu: kagoneniko, ndipo mukalipire mtengo wonse

Ndikulembera makamaka mipingo ya Lutheran ya kuno ku Zomba ndi madera oyandikana nafe imene ikukonza zokacheza kwa abale athu a ku Tanzania. Mpingo umene tili nawo pa ubale uli kunja pang'ono kwa tauni ya Tukuyu, m'chigawo cha Mbeya, ndipo kuseri kwa tchalitchi chawo anamanga nyumba yogona alendo. Gulu lathu linafikira kumeneko mu Ogasiti: akwaya, amayi a mumpingo, akulu a mpingo ndi abusa athu. Ine ndine msungichuma, choncho zambiri zimene ndinaona ndinaziona ndi diso la ndalama. Malowa ndi abwino, zofooka zilipo ndipo ndizitchula, koma chachikulu chimene ndikupempha ndi chakuti amene apiteko asakapemphe kuchotseredwa mtengo.

Ulendo wake ndi wautali ndithu. Kuchoka ku Zomba mumawoloka Shire pa Liwonde, kudutsa Balaka, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu, Mzuzu, kutsika Chiweta, kenako Karonga mpaka pachipata cha Songwe, chimene tsidya linalo amachitcha Kasumulu. Ngati m'gulu muli achikulire, gonani panjira, ku Mzuzu kapena ku Karonga. Mmalawi safunika viza polowa m'Tanzania, pasipoti ndi yokwanira. Mukangowoloka mlatho, kankhani wotchi ola limodzi kutsogolo, chifukwa akukhitchini akati chakudya chamadzulo ndi nthawi yakuti, akunena nthawi yawo. Za shilingi konzekeranitu musanafike, panyumbapo kwacha salandira.

Kuchokera pachipata msewu umangokwera. Kutentha kwa kunyanja kumatsalira m'mbuyo, nthochi zimadzaza mbali zonse ziwiri za msewu, kenako minda ya tiyi, ndipo kutsogolo kumaoneka phiri la Rungwe ngati mitambo yalola. Tinafika kutada, kukugwa mvula yamawawa, ndipo kuzizira kwake kunaposa kwa Zomba mu Juni. Pakhomo tinapeza amayi a mpingowo akutidikira ndi mabeseni a madzi ofunda osamba m'manja ndi maflasiki a tiyi.

Zipinda ndi zazing'ono koma zaukhondo. M'chipinda chilichonse muli mabedi awiri, neti, katebulo, mpando ndi Baibulo la Chiswahili. Pansi ndi pa simenti yopaka polishi wofiira, ndipo amakolopa m'mawa uliwonse alendo akatuluka. Zofunda zinali zochapa bwino. Pa bedi amaika mabulangete awiri, ukapempha lachitatu amakupatsa popanda kukuyang'ana kawiri. Matiresi a chipinda chathu anali abwino, koma abambo ena anadandaula kuti awo anali ataphwa pakati.

Kumene nyumbayi yapambana ndi kukhitchini. M'mawa kumakhala tiyi wamkaka wowiritsa ndi jinja, chapati, mandasi, mazira ndi mapeyala akuluakulu amene kumeneko ndi osasowa. Mkakawo amagula kwa akhristu a mpingo omwewo, amene amaweta ng'ombe za mkaka m'khola n'kumazimwetera udzu. Masana mpunga wa ku Kyela, wonunkhira mofanana ndi Kilombero wathu wa ku Karonga, ndi nyemba kapena nsomba. Koma chimene sindidzaiwala ndi mbalagha, nthochi zosapsa zophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe mumphika umodzi mpaka msuzi kukhuthala. Ife a kummwera ambiri tinali tisanadyepo, ndipo mphika unkabwerera kukhitchini wopanda kanthu. Nsima yawo ndi yolimba kuposa yathu, moti achikulire ena sankaimva kukoma. Amayi athu atapempha, mayi wophika anawasiyira mbaula imodzi ndi mthiko kuti aphike ya ufa woyera umene tinanyamula, iye n'kuima pambali kumaonerera mmene tikuomolera ndi chipande. Ku loji ya bizinesi zoterezi sangakuloleni.

Tsopano za mtengo. M'mawa mwake, tisanalembetse bwinobwino, mmodzi mwa akulu a mpingo wathu anandikokera pambali. Anati, "Mayi msungichuma, kalankhuleni nawo atichotsereko. Mwana akapita kwa makolo ake salipira pogona." Mawuwa sanangowanena, ali ndi pogwira. Mpingo wathu wa Evangelical Lutheran m'Malawi unayamba mu 1982 ku Lilongwe, ndipo amene anauyambitsa ndi akhristu eniake, motsogozedwa ndi bambo Gilbert Msuku, amene anakhala zaka zambiri ku Tanzania n'kubwerera kwawo ndi chikhulupiriro chimenechi. Abale athuwo mpingo wawo ndi wakale kwambiri. Amishoni a ku Berlin anafika m'dera la Anyakyusa mu 1891, ndipo njira imene anadzera ndi ya mtsinje wa Shire ndi nyanja yathu yomweyi. Mu 1963 mipingo isanu ndi iwiri ya Lutheran ya m'dzikomo inalumikizana n'kukhala mpingo umodzi umene iwo amautchula mwachidule kuti KKKT. Choncho kunena kuti kumeneko ndi kwa makolo si kulakwa.

Ndinapita ku kaofesi ka mayi woyang'anira nyumbayo pamodzi ndi mnyamata wathu wa kwaya wa ku Karonga, poti Chingonde chake ndi Chinyakyusa chawo zimamvana popanda vuto. Mayiwo atamva pempholo sanakwinye nkhope. Anangoti, "Ndinu abale, mayi, tichotsa." Kenako anatsegula buku kuti awerengetsere. Linali buku lalikulu la chikuto chakuda, mizere yake yojambula ndi rula, lolembedwa ndi bolopeni yabuluu, mitu yake ndi yofiira. Tsamba lakumanzere ndalama zolowa: tsiku, chipinda, nambala ya risiti. Lakumanja zotuluka: nkhuni, sopo, magetsi, mkaka, malipiro a wophika, wokolopa ndi mlonda. Pansi pa mwezi uliwonse panali mzere wa zotsala zopita kwa msungichuma wa mpingo, ndi siginecha ziwiri. Ndinafunsa kuti zotsalazo zimagwira ntchito yanji. Anawerenga ndi zala: kangachepe ka alaliki a m'nthambi za kumidzi, phala la ana a sukulu ya mkaka ya pampingo, ndi mafuta a njinga yamoto imene abusa amayendera odwala ndi kukapereka Mgonero ku nthambizo. Miyezi ina mzere umenewo unali ndi ndalama yooneka, miyezi ya mvula unali pafupifupi wopanda kanthu.

Amene anasungapo thumba la mpingo akudziwa kuti buku lotere silinama. Gulu lalikulu ngati lathu ndi limene limadzaza mzere wapansiwo, ndipo mtengo ukachotsedwa nkhuni ndi sopo sizitsika, chimene chimatsika ndi cha mlaliki ndi phala la ana. Ndinawapempha mayiwo kuti adikire kaye, ndinakafotokozera komiti ya ulendo zimene ndinaona, ndipo abusa athu anati tilipire zonse monga mlendo wina aliyense. Mkulu wa mpingo uja sanatsutse, anangoti akufuna alione yekha bukulo, ndipo ataliona anawonjezera ya m'thumba mwake ya mlonda. Risiti anatipatsa yodinda, yolemba chipinda ndi chipinda, chakudya padera. Ndinaiwerenga pamaso pa mpingo titabwerako popanda funso lovuta kuyankha.

Mtengo wakewo si woopsa. Sukusiyana kwenikweni ndi wa malo ogona apakatikati a m'tauni ya Zomba, ndipo chakudya cham'mawa chili momwemo.

Ndikudziwa kuti ife tinazolowera ubale wa mtundu wina. Mpingo wathu uli pa ubale ndi sinodi ya Northwest ya ku Wisconsin, ku America, ndipo alendo ochokera kutali chotero akabwera timadziwa mbali imene thandizo lichokere. Ubale wa ife ndi a ku Tukuyu ndi wa anthu a matumba ofanana. Tinanyamula zitenje, ufa ndi envulopu ya chopereka cha mpingo wonse, ndipo analandira mokondwa. Koma nditawerengetsera, zimene tinalipira pogona ndi kudya zinaposa za mu envulopuyo, ndipo zinalowa m'njira imene mpingowo unakonza wokha, popanda wina kugwada pothokoza. Kwa ine limeneli ndi thandizo loyenera pakati pa mipingo yoyandikana.

Kugona kuseri kwa tchalitchi kuli ndi phindu linanso limene hotela ya m'tauni singakupatseni: mumakhala mkati mwa moyo wa mpingo sabata yonse. Mbandakucha belu limalira, anthu ochepa amabwera ku mapemphero asanapite kumunda. Madzulo makwaya amasinthana kuphunzira nyimbo, ndipo akwaya athu ankangotuluka m'chipinda n'kukalowa pamzere. Loweruka ana a kalasi amakhala pakhonde kuloweza Katekisimu Wamng'ono wa Luther, yemweyo wa mu 1529 amene ana athu amaloweza kuno. Amayi athu anaperekeza anzawo kukaona wodwala ndi kukapepesa maliro, zimene sizinali pa pulogalamu.

Lamulungu mapemphero anali m'Chiswahili, koma palibe amene anasochera. Dongosolo ndi lomwe lathuli: kuulula machimo, kupempha chifundo, mawerengo, Chikhulupiriro cha Atumwi, ulaliki, pemphero la Ambuye, Mgonero. Iwo akamanena m'chilankhulo chawo ife tinkanena m'Chichewa chapansipansi, n'kumalizira pamodzi. Chimene chinali chachilendo kwa ife chinachitika pomaliza. Mpingo wonse unatuluka ukuimba, abusa patsogolo, n'kukaima mozungulira pabwalo. Pakati anayala zopereka za amene analibe ndalama: mikoko ya nthochi, mazira m'kambale, mabotolo a mkaka, nzimbe, mapeyala, ndi tambala womangidwa miyendo ndi luzi. Mkulu wa mpingo wina anayamba kuzigulitsa pa okushoni, kunyamula chinthu m'mwamba n'kumaitanira mtengo, mlembi akulemba pambali. Wogula nthawi zambiri satenga yekha. Amalipira n'kuloza munthu woti apatsidwe: gogo wamasiye, mlaliki, mwana amene waimba bwino. Tambala uja anapikisana abambo awiri mpaka mtengo unapitirira wa kumsika kutalitali, ndipo amene anapambana anamupereka m'manja mwa abusa athu kuti ndi wa alendo a ku Malawi. Ifenso tinasonkha msangamsanga n'kugula mkoko waukulu wa nthochi, tinaupereka ku sukulu ya mkaka. Mukamapita sungani shilingi zing'onozing'ono za nthawi imeneyi, chifukwa kuima chabe manja ali m'thumba kumachititsa manyazi. Njira imeneyi ndaitengera ku komiti yathu, poti kwathu kuno nthawi yokolola akhristu ambiri amakhala ndi chimanga, nandolo ndi mbatata koma alibe ndalama ya m'mbale.

Zofooka nazi. Choyamba ndi chinyezi. Dera limeneli mvula imagwa yambiri, makamaka mu Malichi ndi Epulo, ndipo ngakhale mu Ogasiti zipinda za kumbuyo, zoyang'ana ku nthochi, zinali ndi kafungo ka nkhungu, matawulo osauma. Pemphani zipinda za mbali yotulukira dzuwa, makamaka za amene ali ndi chifuwa cha mphumu. Madzi otentha amaphitsa pa nkhuni n'kubweretsa m'ndowa, ndipo gulu likakhala lalikulu omalizira amasamba mochedwa, moti Lamulungu ena analowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba itayamba. Gwirizanani ndi akukhitchini usiku kuti moto ayatse msanga, ndipo ena asambe madzulo. Zimbudzi zambiri ndi zonjuta, chokhala pansi ndi chimodzi chokha, zimene zinawavuta agogo athu a mawondo. Soketi ndi imodzi pachipinda, nyamulani ekisitenshoni.

Chimene chinandivutitsa kwambiri ndi kusungitsa malo. Mauthenga a pa WhatsApp ankatenga nthawi yaitali osayankhidwa, chifukwa foni ya nyumbayo imakhala ndi munthu mmodzi amenenso ali ndi ntchito zina za pampingo, ndipo tinanyamuka ku Zomba mtima uli m'mwamba, tisanatsimikizirike za chiwerengero cha mabedi. Ndinawauza mayi woyang'anira maso ndi maso, ndipo anavomera kuti vutoli alendo ena anawauzanso. Pakadali pano njira yodalirika ndi yakuti abusa anu alembere abusa awo kalata kudakali miyezi iwiri, yotchula chiwerengero cha amuna, akazi ndi achikulire, ndipo musagule mafuta a basi yankho lolembedwa lisanafike. Nyamulani majuzi, masokosi ogonera ndi nsapato zosaopa matope, ndiponso onetsetsani kuti m'gulu muli munthu womva Chiswahili kapena Chingonde.